Funsani Mayi wa Mvano: Ndikagwada Ndimagona, Kodi Ndabwerera M'mbuyo?

Ndikulemba ndili pakhonde kwathu kuno kumunsi kwa Likhubula, dzuwa litapendeka koma kutentha kusanaphwe. Nyenje zakhala zikulira chiyambire m'mawa. Phiri lathu la Mulanje masiku ano silioneka bwino, laphimbika ndi utsi ndi fumbi, ndipo usiku mukayang'ana cha ku Chambe mumaona moto ukuyenda m'mbali mwake ngati mkanda wofiira. Mtima umandiwawa ndikakumbukira mikungudza imene tinkaiona tili ana. Koma tsitsani maso muone pansi pano. Mango aberekera, ana ayamba kale kugenda osakhwima n'kumadya ndi mchere, ndipo mitengo ya m'tchire yatulutsa masamba atsopano ofiirira, mvula yodzalira isanadonthe.

Makalata a mwezi uno onse achokera kwa amayi, ndipo onse akununkha Okutobala, thukuta ndi fumbi ndi kudikira. Ndasankhapo anayi. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Zikomo mayi. Ndine mayi wa ana anayi, wa zaka 34, ndimakhala cha ku Chitakale. Ndinavala yunifomu ya Mvano zaka zisanu zapitazo ndipo ntchito ya Mulungu ndinkaikonda. Bambo a kunyumba amathyola tiyi ku esiteti, koma anawaimitsa kaye mpaka mvula idzayambe, ndiye panopa ndalama palibe. Ine ndimadzuka 4 koloko kukaika ndowa pamzere kumpopi, chifukwa dzuwa likangotuluka madzi amasiya. Ndikachoka apo ndikonzekeretse ana a sukulu, kenako kumunda kukalima mizere nthaka ili gwa. Masana ndiphike, ndimenye nandolo, ndipete, madzulo ndikafune nkhuni ndi ndiwo. Kale ndinkawerenga Baibulo m'mawa uliwonse. Tsopano lakhala pawindo mwezi wathunthu, lachita fumbi. Usiku ndikagwada kuti ndipemphere ndimagona pomwepo, ndimadzidzimuka miyendo itachita dzanzi, osadziwa kuti ndinalekezera pati. Lachinayi lapitali ndinaodzera ku Mvano, ndipo mayi amene ankalalikira anatsegula nkhani ya Marita ndi Mariya, maso ali pa ine. Ndinabwerera kunyumba ndikulira. Ndatsaliranso pa zopereka za miyezi iwiri, moti ndikuchita manyazi kupitanso. Kodi ndabwerera m'mbuyo? Kodi Mulungu amamva pemphero la munthu amene wagona asananene Amen? Ndine wotopa, ku Chitakale.

YANKHO: Achemwali anga, simunabwerere m'mbuyo ayi. Mwatopa. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kutali, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana. Munthu amene wabwerera m'mbuyo salira akamachokera ku Mvano, ndipo fumbi la pa Baibulo saliona n'komwe. Inu mwaliona, lakupwetekani, mpaka mwafuna pepala ndi cholembera. Kuchokera 4 koloko m'bandakucha mpaka nthawi yogona ndi maola 16 kapena kuposerapo muli chiimire, m'miyezi yotentha kuposa yonse pachaka. Thupi limenelo ndi la mnofu ndi magazi.

Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri amene anali atangoitanitsa moto kuchokera kumwamba paphiri la Karimeli, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Kenako anagona. Taonani chimene Mulungu anachita. Sanamudzutse ndi ndodo kuti amalize pemphero. Anatuma mngelo ndi mkate ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya, anamwa, n'kugonanso, ndipo anamuleka agone. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, chifukwa ulendo unali wautali. Zolankhulana zinadza pambuyo pake, patapita masiku 40, kuphiri la Horebu. Ndiye mukandifunsa ngati Mulungu amamva pemphero lothera m'tulo, ine ndikuti amamva. Inunso mwana akagona pamiyendo panu ali pakati pokuuzani za kusukulu, kodi mumamukwiyira? Mumamunyamula kukamugoneka pamphasa, n'kumufunditsa.

Za Marita ndilankhulepo, chifukwa nkhani imeneyi yakwapulira amayi ambiri olimbikira. Pa Luka 10 Yesu sanadzudzule mphika. Iye anali mlendo m'nyumbamo, ndipo mlendo amafunika kudya. Chimene anatchula ndi nkhawa ndi kuvutika mumtima, ndipo anamuitana dzina kawiri, monga timachitira ndi munthu amene timamukonda. Olalikira ambiri amalekera pamenepo. Pitirizani mpaka Yohane 11. Lazaro atamwalira, amene anatuluka kukachingamira Yesu kunjira anali Marita, Mariya atatsala m'nyumba. Ndipo ndi Marita yemweyo amene ananena poyera kuti Yesu ndiye Khristu, Mwana wa Mulungu, mlongo wake ali m'manda tsiku lachinayi. Chikhulupiriro chotere anachisunga kuti? Kukhitchini komweko, pakati pa utsi.

Mayi anga ondibala sankadziwa kuwerenga. Ndimawakumbukira mwezi ngati uno, kwathu cha ku Thuchila, akukonola chimanga kukadali kamdima, ine nditakhala pambali ndi lichero. Munsi ukamatsika ankatchula dzina motsitsa mawu. Gu, dzina la malume amene anali ku Wenela. Gu, dzina la anganga amene ankadwala chifuwa. Gu, dzina langa. Akafika kumapeto ankayambiranso, mpaka gaga atalekana ndi mphale. Ndili mwana ndinkayesa akuwerenga anthu a pakhomo kuti adziwe kuchuluka kwa ufa. Nditakula ndinawafunsa, ndipo anandiuza kuti amawapereka m'manja mwa Mwini wake, mmodzimmodzi. Sindinawaonepo atagwada ola lathunthu. Koma chikhalire sindinakumane ndi munthu wopemphera ngati iwo.

Pamzere wa kumpopi mumaima mphindi zingati? Nthawi imeneyo ndi yanu. Njira ya kumunda ndi yanunso. Khasu likamatsika lingathe kunyamula maina a ana anu anayi monga unkachitira munsi wa mayi anga. Baibulo lija lichotseni pawindo, mulipukute, mumupatse mwana wamkulu. Madzulo inu mukuthyakula nsima, iye awerenge mokweza mavesi awiri. Awiri okha. Mwana aphunzirapo kuwerenga, inu mudyapo mawu, bambo ali pakhonde amva nawo. Pemphero la banja lichitike musanasambe m'manja, maso akadali otsegula, osadikira mphasa.

Mawa mukamapita kumunda mukwezeko maso ku mitengo ya m'mbali mwa phiri. Miyezi yonseyi sinamwe kanthu kupatula chiperoni cha m'nyengo yozizira, koma yaphuka. Ikudya zimene inasunga m'mizu ndi m'thunthu nthawi ya dzinja. Mavesi amene munawerenga zaka zisanu zija sanapite pachabe. Ndi amene akukuyendetsani panopa, ndipo ndi amene anakuliritsani Lachinayi. Nyengo yowerenga mwachifatse idzabweranso.

Tsopano tikambe za ndowa, pakuti Mulungu amene anatumiza mkate kwa Eliya sanyansidwa ndi nkhani za ndowa. Mwalemba kuti bambo ali pakhomo. Sindikuwatcha aulesi. Tiyi amaphuka ndi mvula, ndipo chilimwe chikafika masamba amachepa, othyola ambiri amaimitsidwa mpaka Disembala. Mwamuna wozolowera dengu kumsana akakhala pakhomo opanda kobiri m'thumba, mtima wake umakhalanso wosweka, kungoti salira poyera. Koma m'kalata yanu yonse sindinaone manja awo. Kuno kwathu kwa chikamwini amuna ena amaganiza kuti munda ndi wa akuchikazi, iwo ndi alendo. Nsima yochokera m'mundamo sadya ngati alendo. Mulankhule nawo usiku ana atagona, mosakalipa, ndipo mupemphe chinthu chimodzi chodziwika. Musanene kuti "muzindithandiza". Nenani kuti "madzi a m'mawa akhale anu mpaka ntchito idzayambe". Amuna ambiri amachita manyazi kusenza ndowa pamutu, koma zigubu ziwiri za malita 20 panjinga sachita nazo manyazi. Ola limodzi limenelo la tulo lingasinthe nyumba yanu yonse. Akakana, ankhoswe alipo, ndipo ntchito yawo si kudikira banja litagwedezeka.

Chinanso, ndipo musachinyalanyaze. Kutopa kwina sikuchokera ku ntchito yokha. Ngati mukumva chizungulire mukadzuka, mtima kugunda kwambiri pokwera kachitunda, kapena m'kati mwa zikope mwayera, pitani kuchipatala akayeze magazi ndi malungo. Amayi ambiri obereka timayenda ndi magazi ochepa osadziwa. Nandolo amene mukumenyayo musagulitse yense kwa mavenda, makamaka panopa pamene aliyense akugulitsa ndipo mtengo uli pansi. Thumba limodzi likhale la mumphika. Mfutso, bonongwe, chisoso ndi usipa zizipezeka mukatha kutero. Ndipo ife a ku Mulanje timakonda tiyi, koma tiyi womwera limodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino michere yowonjezera magazi. Mudikire kaye ola limodzi mutadya. Za feteleza musathamangire katapila. Funsani alangizi a zaulimi za manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, amene amapsa m'thumba masiku 21. Mukayamba sabata ino apsa nthawi yake isanadutse.

Ku Mvano bwererani. Musadikire kuti mupeze ndalama za miyezi iwiri ija. Pitani kwa amayi apampando panokha, muwauze zoona monga mwandiuzira ine. Pa 2 Akorinto 8:12 Paulo akunena kuti chopereka chimalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo. Mbale ya nandolo ndi chopereka. Ndipo kwa ife amayi akuluakulu ovala zoyera, ndilankhule mosapsatira. Mvano inakhazikitsidwa kuti tiziyendera odwala, kutungira madzi okalamba ndi kugona pamaliro. Mayi wachitsikana akaodzera pabenchi, ntchito yathu ndi kumutsatira kunyumba kukaona chimene chikumudya. Vesi si mwala wogendera mango. Amene munalalikira tsiku lija, ngati mukuwerenga, mwina simunadziwe. Tsopano mwadziwa. Tengani ndowa mukamuone.

FUNSO: Mayi, kwathu ndi cha ku Muloza. M'Malichi 2023 madzi ndi miyala zochokera m'phiri zinatenga nyumba yathu. Ine, amuna anga ndi ana tinapulumuka, koma mng'ono wanga ndi mwana wake wa chaka chimodzi sitinawapeze mpaka lero. Tinamanganso kanyumba pamalo pomwepo chifukwa kwina kulibe. Tsopano kutchalitchi ayamba kupempherera mvula. Anthu onse akamati Amen, ine pakamwa pamauma. Mtambo ukangoda cha kuphiri m'mimba mumandipota, usiku sindigona. Ena amati chinali chilango cha machimo a m'mudzi, ena amati ndi napolo. Ndikudziwa kuti popanda mvula tifa ndi njala. Kodi ndikuchimwa posaifuna mvula? Ndine wamantha, ku Muloza.

YANKHO: Pepani mayi, pepani kwambiri. Maliro opanda manda ndi olemera kuposa ena onse. Mulibe poti mukasese, mulibe poti mukaike nkhata, ndipo mtambo uliwonse umabwera ngati uthenga wa maliro omwewo. Namondwe wa Freddy anatenga anthu oposa 1,000 m'dziko muno, tikaphatikiza omwalira ndi osowa, ndipo ambiri amene anatsala akuyenda ndi mantha ngati anuwo, kungoti sanena.

Simukuchimwa. Thupi lanu likukumbukira zimene linaona, ndipo likufuna kuteteza ana anu. Mantha otere si kusakhulupirira.

Amene akunena za chilango atsegule Luka 13. Nsanja ya ku Siloamu inagwera anthu 18 n'kuwapha. Yesu anafunsa ngati anthu amenewo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti ayi. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Khanda la chaka chimodzi linalakwira ndani? Ndimakwiya ndikamva mawu oterewa akutuluka pakamwa pa Akhristu, chifukwa amasenzetsa ofedwa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Musawalandire.

Dzina la napolo ndi la makolo athu, ndipo sindilinyoza. Iwo anaona chinthu choona, kuti phiri limatha kung'ambika, madzi n'kutsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Zinachitika ku Zomba mu 1946. Zinachitika ku Phalombe mu 1991, phiri la Michesi litagumuka. Zachitikanso mu 2023 kuno kwathu, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Dothi la m'mapiri athu ndi losaya, lakhala pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limakhuta madzi, limalemera, kenako limaterereka ngati phala, kukokolola mitengo ndi miyala. Pomwe mitengo inatha, nthaka ilibe choigwira. Ndipo madzi amakonda kudzera pomwe anadzerapo kale.

N'chifukwa chake mawu amene andiopsa kwambiri m'kalata yanu ndi akuti munamanganso pamalo pomwepo. Ndikudziwa vuto la malo kuno. Minda ya tiyi inatenga mbali yaikulu, ife tinapanikizana m'mphepete mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa phiri, ndipo munthu sungangonyamuka. Komabe pitani ndi amuna anu ndi mwinimbumba kwa amfumu ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mukapemphe malo otalikirana ndi khwawa. Mwina sizitheka chaka chino. Ngati sizitheka, gwirizanani lero lomwe kumene mudzagone chenjezo likaperekedwa, kaya kwa wachibale, kutchalitchi kapena kusukulu, ndipo ana onse aidziwe njira yake. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi tochi zikhale m'jumbo imodzi yomanga, pamalo podziwika. Wailesi ikhale ndi mabatire, muzimvera a zanyengo. Mvula ikagwa usana ndi usiku osakata, mtsinje n'kusanduka matope ndi kuyamba kulindima, chokani kukadali kowala. Mbuzi ndi ziwiya zisakubwezeni. Nowa anakhoma chingalawa kumwamba kuli mbee, ndipo Baibulo limati chimenecho chinali chikhulupiriro. Mudzaonanso kuti jumbo ija ikakhala pamalo pake, tulo timayamba kubwerako pang'ono.

Za Amen uja. Palibe amene angakukakamizeni kupemphera ndi mawu a munthu wina. Anzanu akamapempha mvula, inu pemphani mumtima mvula ya muyeso, yogwa ndi kukata, yonyowetsa munda n'kusiya nyumba. Limenelo ndi pemphero lathunthu, ndipo ine ndiyamba kupemphera nanu lomwelo. Tsiku limene ngakhale mawu amenewa akukanika, Salimo 69 likuyamba ndi munthu amene madzi amufika m'khosi, ndipo Salimo 88 likutha mumdima popanda mawu otonthoza. Masalimo amenewa sanachotsedwe m'Baibulo. Anawasiyira anthu ngati inu.

Pemphani abusa kapena akulu a mpingo achite mapemphero okumbukira mng'ono wanu ndi mwana wake, maina awo atchulidwe mokweza pamaso pa abale. Dzalani mtengo, wa mango kapena wa mbawa, pamalo okwera, kuti mukhale ndi poti muzipita. Ndipo kusagona kukapitirira, mukauze a chipatala mosabisa. Kusweka mtima kotere ndi matenda odziwika, ndipo kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa kumathandiza. Kwa atsogoleri a mipingo ya m'tsinde mwa phiri ndikupempha chinthu chimodzi. Mukamapempherera mvula chaka chino, tchulaninso amene akuiopa. Akhala pabenchi lachitatu, ali chete.

FUNSO: Ndinakwatiwa chaka chatha. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo ndalama imene ndasunga pogulitsa mandasi ikukwana chitenje chimodzi chokha. Ndikapatsa mayi anga, apongozi adandaula. Ndikapatsa apongozi, mayi anga amva kuwawa. Nditani? Ndine mtsikana wa ku Luchenza.

YANKHO: Mwana wanga, mtolo umenewu wausenza wekha chifukwa chiyani? Apongozi ako ali ndi mwana amene anabereka, ndiye mwamuna wako. Khalani pansi awiri, aliyense aike chimene ali nacho. Chitenje si lamulo. Ndalama yomweyo ingagule shuga, sopo ndi mchere zogawa pawiri, ndipo mukapereke muli limodzi, kuno m'mawa, uko madzulo.

Koma ndikuuze chimene ine ndingakonde pa msinkhu wangawu. Mukafika, mwamuna wako akweze maso kudenga. Mwezi uno ndi womaliza kufolera. Ngati udzu wawola kapena lata ladooka, tsiku limodzi la ntchito ndi pepala la pulasitiki zidzawakumbutsa za inu usiku uliwonse wa dzinja. Iwe utunge madzi, uzire nyumba, uwaphikire, ukhale nawo pamphasa osayang'ana foni. Rute sanamugulire Naomi nsalu. Anapita kukakunkha m'munda nabwera nacho chakudya kunyumba.

FUNSO: Mayi, anansi anga ambiri kuno ndi a Seventh Day, amapuma Loweruka. Ine ndimapemphera Lamulungu. Chaka chatha mvula inagwa Loweruka usiku, iwo Lamulungu m'mawa anadzala, ine ndinapita kutchalitchi mtima uli kumunda. Zikachitikanso chaka chino, ndingalakwe kudzala Lamulungu? Ndine mlimi wa ku Makwasa.

YANKHO: Mayi, kwanuko mishoni ya Malamulo yakhalapo kuyambira 1902, ndipo anansi anuwo ali ndi chinthu choti atiphunzitse. Mvula ikagwa Lachisanu usiku, iwonso amaliona khasu n'kulisiya. Ndiye mayeso amenewa si anu nokha, amangobwera tsiku losiyana.

Pa Eksodo 34:21 lamulo la kupuma likutchula mwachindunji nyengo yolima ndi nyengo yokolola. Mulungu ankadziwa kuti nthawi imeneyo ndiyo mlimi amanena kuti lero lokha. Sindikunena kuti wodzala Lamulungu watayika. Yesu mwini anati ng'ombe ikagwera m'chitsime pa Sabata timaivuula, ndipo mayi wamasiye amene wapeza omuthandiza tsiku lokhalo ine sindingamuweruze. Koma kwa inu amene manja muli nawo, ndikuti pumani, ndipo chifukwa china n'cha ulimi weniweni. Mvula yodzalira imalowa pansi. Mukakumba ndi dzanja mpaka kubisa chikhatho chonse n'kupeza dothi lonyowa loumbika, chinyezi chimenecho chidikira mpaka Lolemba. Ngati pofika Lolemba pauma, imeneyo inali chizimalupsa kapena mvula yongonyengerera, ndipo mbewu yanu yapulumuka. Ambiri amene amathamangira mvula yoyamba ya Okutobala amadzalanso kachiwiri, mbewu atagula kawiri.

Chimene chimabweretsa phuma ndi kusakonzeka. Mizere ithe mwezi uno, yotalikirana masentimita 75. Chingwe chodzalira chikhale ndi mfundo zake pa masentimita 25 alionse ngati mukudzala mbewu imodzi paphando. Mbewu ya chimanga ndi ya nandolo zikhale pamalo amodzi, makasu akhale okhomera bwino m'mipini. Mugwirizanenso ndi anansi anuwo, inu muziwayang'anira mbuzi Loweruka, iwo Lamulungu. Ikagwa Loweruka usiku, pitani kutchalitchi ndi matope kumapazi, mukaimbe. Lolemba tambala woyamba akalira, dzutsani ana ndi bambo awo.